Nyumba Imene Ndinakana Kudzutsa

Uthenga unandipeza kudimba, ndikukumba batata. Mwana wanga wamkazi anatsika chitunda atakweza foni m'mwamba ngati chinthu chotentha. Woimbayo anali mwana wachisamba wa mng'ono wanga, wa ku Lifidzi.

"Amayi aakulu, amayi tawatulutsa ku ospitali ku Ulongwe. Ali kunyumba. Akuti mubwere."

"Mwawatulutsa chifukwa achira?"

Anangoti, "Ingobwerani, amayi aakulu."

Ine ndikaitanidwa ndimayamba ndadzifunsa kuti woitanayo akufuna chiyani. Adzukulu anga amandiseka kuti agogo sakhulupirira ngakhale nkhuku yawo yomwe. Asekedi. Ndaona zokwanira kuti ndidziwe kuti pakamwa pakamati "bwerani mudzatione," kuseri kwa chitseko kumakhala khasu lokudikira. Tsono tsiku limenelo sindinathamange. Ndinamaliza mzere wanga, ndinaunjika zimene ndinakumba, ndinaziphimba ndi masamba kuti odutsa asaone kuchuluka kwake, ndiyeno ndinakwera kunyumba kukamanga kathumba ka ulendo. Kuzengereza kwangako chifukwa chake ndi chakale.

Tinabadwa atsikana atatu ndi mlongo wathu mmodzi, mzime. Mwa atsikanawo ine ndinali wapakati. Nkhondo itafika kwathu tinathawira kutsidya kwa malire, kwa abale athu kufupi ndi Dedza, n'kumanga timisasa kuseri kwa nyumba zawo. Kumeneko ndiko kunandipeza mnyamata wina wa kwathu komwe, wothawa ngati ife, amene ankanyamulira anthu katundu pa njinga. Anali woonda, wa miyendo yaitali, pakamwa posauma nthabwala. Njinga yake inkalira pena paliponse, ndipo iye ankati ili ndi chifuwa chachikulu, anthu aipempherere. Anandifunsira panjira ya kuchigayo. Ndinamukana monga amakanira atsikana, mutu uli pansi chala chikulemba m'fumbi, mpaka tsiku limene ndinamuuza khomo la malume. Anandipatsa chikole, mpango wobiriwira. Ndinakauonetsa kwa malume, malume anavomera. Chinatsala n'choti ankhoswe akumane tikakolola.

Tisanakolole, mkulu wanga anamwalira pa uchembere. Anasiya ana awiri oyenda ndi khanda losatuluka m'chikuta.

Titameta maliro, malume anandiitanira kuseri kwa msasa. Amayi anali chapambali, akusankha nyemba m'lichero.

"Nyumba ya mkulu wako yagwa," anatero malume. "Kwathu nyumba ikagwa chotere, mng'ono ndiye amaidzutsa. Ulowa m'malo mwake. Anawa asaleredwe ndi mkazi wachilendo pamene magazi awo alipo."

Mwambo umenewu amautcha chidzutsanyumba. Ndinkaudziwa, monga mmene umadziwira kuti kudambo kuli njoka, osaganiza kuti idzaluma iwe.

"Nanga chikole chija, amalume?"

"Chikole sichinalakwe. Mnyamata uja anadzafuna mkazi m'banja lino, ndipo m'banja lino ampeza. Mng'ono wako watha msinkhu."

Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana nyemba.

Tsiku limodzi, pakamwa pamodzi, malume anagawa atsikana awiri ngati ndiwo. Ine anandipereka kwa mwamuna wa malemu, bambo wachikulire, amene anaoloka malire ndi ng'ombe ziwiri ndi ngolo, zovala zake zikununkhabe utsi wa pamaliro. Mng'ono wanga, kamtsikana kamene kanali kasanaimepo ndi mnyamata panjira, kamene kankangolira kuti sikakufuna, anakapereka kwa wanga uja. Mpango womwe uja amayi anautenga m'kabokosi kanga n'kuumanga pamutu pake. Tonse awiri sitinafunsidwe. Apa ndiye pamene pamandipweteka: tinamwetsedwa mankhwala amodzi m'chikho chimodzi, mnzanga anamukoma, ine akundiwawabe kukhosi.

Mwamuna wanga sindimunenera zoipa. Sanandimenyepo, sanandigonekepo ndi njala. Koma m'nyumba mwake zonse zinali za malemu: mtondo, miphika, mphasa, ngakhale mbali yogona. Ankanditchula make wa mwana woyamba, mwana amene sindinabale. Ndikaphika ankalawa n'kunena, mosakwiya konse, "Malemu ankachepetsa mchere." Ndikalima, "Malemu ankakweza mizere." Ndinachepetsa mchere, ndinakweza mizere. Ndinalera ana atatu aja, n'kuwonjezapo anga. Lero amanditcha amayi, inde, koma pa ukwati wa aliyense wa iwo pankapezeka azakhali oimirira n'kunena kuti, "Kalanga ine, mayi wake akadaona!" ine ndili pomwepo, manja atapsa ndi moto wophikira alendo a ukwatiwo. Bamboyo anatisiya zaka zapitazo, ndipo pomaliza penipeni, ine nditamugwira mutu, anaitana dzina la mkulu wanga.

Nkhondo itatha tinabwerera. Ife tinakhazikika kufupi ndi Kalomwe, mng'ono wanga ndi mwamuna wake anapita ku Lifidzi, kuminda ya makolo a mwamunayo. Sindinkapitako kawirikawiri. Tinkaonana pamaliro ndi pamaukwati, ndipo ine maso anga sagona. Ndinkaona mmene ankatsikira pa njinga chapatali ndi anthu, iye n'kumugwira mkazi wake m'chiuno kuti atsike bwino, chonsecho mkaziyo ali ndi miyendo yake iwiri. Ndinkaona mng'ono wanga akudziluma mlomo kuti asaseke pamaliro, chifukwa cha kanthu kamene mwamunayo wamunong'oneza. Ndipo mlamu wangayo akandiona ankafuula monga amachitira amuna onse pa chilamu, "Afika akazi anga aakulu! Yalani mphasa yatsopano!" Anthu ankaseka, poti mwambo umalola nthabwala imeneyo. Inenso ndinkaseka. Ndikafika kwathu nsagwada zinkawawa.

M'mawa mwake mwa uthenga uja ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinatsikira pamsewu n'kutsiriza wapansi. Inali nyengo ya mphepo, mapichesi atangoyamba maluwa. Ndisanapereke odi ndinali nditaona kale zonse: nyumba ya njerwa zootcha, malata osachita dzimbiri, nkhokwe ziwiri, khola la nkhumba lomangidwa ngati mogona munthu. Ndiye nyumba yophikira, yokhala ndi zenera kuti utsi usamalowe m'maso mwa wophika. Zenera pa nyumba yophikira! Ine ndaphika moyo wanga wonse misozi ili chuchuchu, ndipo palibe anaganizapo zoboola khoma.

Mlamu wanga anatuluka ndi chikho m'manja. Mutu wonse imvi, koma miyendo yake yomwe ija. Tsiku limenelo nthabwala panalibe.

"Mwafika, alamu. Zikomo."

Mng'ono wanga ndinamupeza atagona pakhonde, pamene pamafika dzuwa, atamufunditsa mpaka m'khosi. Anali atatha. Nkhope inatsala maso okha, koma miyendo itatupa mpaka kunyezimira. Akuti ndi mtima, madzi adzaza m'thupi. A ku ospitali anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti akayesere kunyumba, ndipo ife timadziwa chimene mawu amenewo amatanthauza.

"Achemwali," anatero ndi timawu tating'ono, "mwanditengera batata, kapena mwabwera chimanjamanja ngati masiku onse?"

"Wodwala safufuza katundu wa alendo."

"Ndiye kuti chimanjamanja." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

Ndinakhala. Ntchito ndinaigwira, palibe angandinene. Kuchapa, kusesa, kumusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda. Koma zina mwamunayo sankalola munthu kukhudza. Phala ankaphika yekha. Bambo wa imvi atagwada pamafuwa akutakasa phala, azimayi odutsa panjira ataphimba pakamwa. Ankabwera nalo akuliuzira.

"Ashefe, chakudya chafika." Ankamutcha choncho, monga anthu amaitanira akuluakulu a m'maofesi ku Ulongwe.

"Lero mwathiramo chiyani, simenti?"

"Pang'ono chabe, kuti mafupa alimbe. Tsegulani malire, kamiyawu ya katundu idutse. Mapepala onse ali bwino."

"Mdala wopanda manyazi iwe."

Ankamuti "iwe" mwamuna wake, pamaso pa anthu. Ine zaka zonse zija ndinkati "inu," ndili chogwada.

Ndinkakhala kumapeto kwa khonde ndikutong'ola chimanga, maso ali pa supuni ikupita ikubwera. Kodi munthu angachitire nsanje wodwala? Ine ndinachita. Ndinasirira miyendo yotupa ija pamene ankaithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, chala chimodzichimodzi, akuipatsa moni ngati alendo. Ndinadzifunsa kuti ine nditagona chotere angagwade ndani. Ana anga angandithamangitsire ku ospitali, sindikana. Angandigulire zofunda. Koma kuuzira phala, ayi.

Kunkabweranso ozonda matenda. Mwa iwo munali akazi amasiye awiri atatu a m'mudzimo, amene sankalephera tsiku. Wina ankabwera ndi kambale ka nkhwani zotendera, atadzola mafuta mpaka m'zigongono. Ankapereka moni kwa wodwala mwachidule, kenaka maso n'kumayendayenda pa malata, pa nkhokwe, pa mwini nyumba.

"Abambo, mwaondatu. Mukudya koma?"

"Akudya," ndinkayankha ine, n'kulandira mbaleyo. Ndiwo zake ndinkapatsa nkhumba. Za m'mbale ya munthu wodzola chotere pozonda matenda sizilowa m'kamwa mwa m'bale wanga.

Tsiku lina masana, mwamunayo atapita kukatunga madzi pa njinga, ndinkamupesa tsitsi mng'ono wanga. Mutu wake unali pamiyendo panga, wopepuka ngati chikho.

"Achemwali."

"Ee."

"Ndikapita, mdala uyu sakhalitsa. Sadziwa kukhala yekha. Adzaiwala ndi kudya komwe."

"Ana alipo."

"Ana ali ndi nyumba zawo. Ndipo aja a timbale aja mwawaona. Akuti akuzonda ine. Ine ndili pansi, iwo maso ali kudenga."

"Ndawaona."

"Ndikufuna mudzadzutse nyumba yanga."

Chipeso chinaima m'tsitsi.

"Anali wanu poyamba," anatero ali chitsinzinire. "Mumayesa sindidziwa? Zaka zonsezi mumatiyang'ana ngati mphaka pa nyama yopachika."

"Matenda akukulankhulitsa."

"Matenda ali m'miyendo, achemwali. Mutu uli bwino."

Ndinamaliza kupesa, ndinamugoneka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kuima pamenepo ngati munthu woiwala chimene wadzera. Mtima unkagunda ngati wa namwali, ine gogo wa adzukulu opita kale kusukulu. Mwambo womwe uja unandilanda munthu, lero unkafuna kundibwezera munthu yemweyo.

Koma ine ndine ine. Chimwemwe chisanapeze pokhala, chikayiko chinali chitayala kale mphasa. Akufuna chiyani mng'ono wanga? Akundimvera chisoni? Akufuna mlonda woti azitchinga amasiye aja, mlonda amene akudziwa kuti nkhope yake inatha? Kapena akufuna aone ngati ndidumphira, kuti afe akudziwa kuti mkulu wake ankadikira maliro ake?

Masiku otsatirawo ndinasintha, ndipo ndinkadziona ndekha ndikusintha. Ndinkalowa m'nyumba yophikira ija n'kuima pazenera popanda chophika. Ndinapeza ndi maso malo amene mtondo wanga ungakhale. Ndinavala kapulana yanga ya kutchalitchi, chitenje cha maluwa, tsiku la pakati pa sabata. Ndipo ndinasiya kupatsa wodwala chilichonse ndi dzanja langa. Ndikaphika, ndinkaphika mwana wake wachisamba ali pomwepo, ndinkalawa iye akuona, n'kumupatsa mbale kuti apereke yekha. Anandifunsa chifukwa chake, ndinati nyamakazi yagwira zala. Zoona zake n'zoti anthu ndimawadziwa. Mawa mng'ono wanga atatsikira kulichete, ine n'kulowa m'nyumba mwake, pachitsime sipangasowe wofunsa kuti, "Paja ankamuphikira ndani?"

Pemphero linandivuta. Ndikati "Ambuye, mchizeni," mawu ankatuluka bwinobwino, koma ndinkatchera khutu kuti ndimve ngati kumbuyo kwake kuli mawu ena. Mng'ono wanga ndinkamukonda. Ndine ndinkamubereka tili ana, ndine ndinamugwira dzanja m'tchire pothawa nkhondo, iye akulira minga. Kumukondako kunali koona, kudikirako kunalinso koona, ndipo ziwirizi zinkagona m'chifuwa chimodzi zitafulatirana.

Mlamu wanga ndinkamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati wauzidwa. Ankandipatsa moni monga mwa masiku onse, ankandithokoza pa chilichonse. Tsiku lina ndili ndi kapulana ija anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, ndipo mtima wanga unati phaa.

"Alamu," anatero, "nsalu ngati imeneyi ikupezeka ku Kalomwe? Ashefe amakonda maluwa otere."

Lamulungu, mng'ono wanga anaitanitsa mlongo wathu, amene tsopano ndiye nkhoswe yathu, malume atapita kalekale. Anabwera pa mota, njinga yake yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Tinakhala pakhonde masana: wodwala atatsamira khoma, mwamuna wake pambali pake, mwana wachisamba pakhomo, mlongo wathu pampando, ine kumapeto kwanga komwe kuja.

Mng'ono wanga ananena mawu ake osazungulira. Mlongo wathu anakanda m'mutu.

"Achemwali aang'ono, zimenezi anthu anazisiya masiku ano. Nanga akutchalitchi adzati chiyani?"

"Onse awiri adzakhala amasiye. Ndi tchalitchi chiti chimaletsa amasiye kukwatirana?"

"Komanso munthu mukupuma, mukulankhula, mukutilalatira. Za maliro zikubwera bwanji?"

"Ukufuna ndidzanene nditafa?"

Mlongo wathu anapukusa mutu. "Chabwino. Koma ine si malume. Ndifunse eni ake." Anatembenukira kwa mlamu. "Inu mukuti bwanji, alamu?"

Ndinaweramitsa mutu, koma makutu anali tcheru. Zaka zonse zija ndinkadikira kumva pakamwa pa munthu ameneyu liwu limodzi lonena za ine, losakhala la nthabwala.

Misozi ya mlamu wanga inatsika n'kulowa m'ndevu. Anagwira phazi lotupa lija ndi manja awiri, ndipo anayankha osayang'ana nkhoswe, osayang'ana ine, maso ali pa mkazi wake yekha.

"Ine za kupita kwako sindifuna kumva. Koma ngati ndi zimene zingakukhazike mtima pansi, ndavomera. Chilichonse chimene unganene iwe, ndichita. Ukanati ndizikagona m'khola la nkhumba, ndikanapita."

Mwana wachisamba anayamba kulira. Mlongo wathu anapukuta m'maso ndi chipewa. Onse anaona chikondi, ndipo chinalidi chikondi. Ine ndinamva kuti andiika pamzere umodzi ndi khola la nkhumba.

Pomwepo ndinaiona nyumba ija mmene idzakhalire. Ndidzaphika pansi pa zenera limene anaboolera wina. Adzalawa n'kunena, mosakwiya konse, kuti ashefe ankathira chakuti. Adzandisamala bwino lomwe, chifukwa analonjeza, ndipo m'mawa uliwonse adzadzuka kukwaniritsa lonjezo lake ngati munthu wopita kuganyu. Kwa mwamuna woyamba uja zinali zopiririka. Kuyerekezedwa ndi wakufa pakamwa pa munthu amene sumufuna ndi bala la pakhungu. Nanga pakamwa pa uyu?

"Inu, achemwali aakulu," anatero mlongo wathu, "mukuti bwanji?"

Kanali koyamba m'moyo wanga kufunsidwa funso limenelo. Linabwera tsitsi litayera, ndipo yankho limene linatuluka silinali limene ndinkasunga.

"Ndinadzutsa nyumba imodzi kale. Msana unathera komweko. Iyi idzutseni nokha, eni ake muli moyo."

"Achemwali..." anayamba mng'ono wanga.

"Ndanena. Ndipo iwe usiye kugawa anthu uli chigonere. Watengera malume."

Mng'ono wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindinadziwe chimene chinali m'maso amenewo, kaya chisoni, kaya mpumulo, kaya kukhutira kwa munthu amene mwala wake wagunda pamene analoza. Mlamu wanga yekha ndiye anatulutsa mpweya waukulu, ngati wotula thumba la chimanga pakhomo. Mpweya umenewo ndinaumva bwino. Makutu anga sataya kanthu.

M'mawa mwake ndinati kudimba kwanga zinthu zikuola. Palibe anandikakamiza kukhala. Ndinapinda kapulana ija n'kuiika pansi penipeni pa kathumba. Potsanzika mng'ono wanga anandigwira dzanja, nati, "Mwakwiya?"

"Ndikwiyire chiyani? Imwa mapiritsi."

"Simunasinthe, achemwali."

"Anasintha ndani?"

Mlamu wanga anamangirira kathumba kanga pa njinga kuti andiperekeze kumsewu. Tinayenda wapansi, iye akukankha njinga, ine kumbuyo pang'ono. Mphepo inkaomba mapesi ouma m'minda. Chichokere utsikana wanga, sitinakhalepo awiriwiri chotere. Ndinati ndikapanda kufunsa lero, ndidzalowa nalo m'manda.

"Alamu, tsiku limene anakuuzani kuti akusinthirani mkazi, bwanji simunakane?"

Anaima. Anayang'ana tayala la kutsogolo ngati laphwa.

"Ndikanakana bwanji? Ndinali mwana wothawa nkhondo, chuma chonse njinga imodzi. Atsibweni anga anavomera ine ndisanamve n'komwe." Anayambanso kuyenda. "Zinandipweteka, alamu, musaganize kuti ayi. Dzinja lonse lija sindinkamulankhula mwana uja. Iyenso sankandifuna. Tinkangokhala ngati mbuzi ziwiri zomangidwa pachikhomo chimodzi."

"Ndiye?"

"Ndiye tsiku lina ndinagwa ndi njinga m'matope pakhomo penipeni, thumba la ufa n'kuphulikira pa ine. Ndinadzuka ndili mbuu, maso okha. Iye anaseka mpaka kukhala pansi, miyendo m'mwamba. Ndinayesa kukwiya, zinakanika." Pamenepa nkhope yake inawala, pamaso panga, akufotokozera ine. "Kuyambira pamenepo, basi."

Basi. Ine ndinkayembekeza kuti andionetsa chilonda chosapola, iye anandiuza za matope ndi ufa. Katundu amene ndinasenza mpaka imvi, iye anatula dzinja limodzi.

"Nanga zikanakhala kuti sanasinthe," ndinatero, "ine ndi inu, bwenzi..."

"Bwenzi zili bwino ndithu," anayankha mwaulemu, ngati mlendo woyamikira ndiwo za kwa eni. "Inu ndinu munthu wolimba, alamu. Aliyense amadziwa."

Tinafika pamsewu. Woperekeza mlendo amadikira mpaka galimoto ibwere, ndiwo ulemu wake. Anamasula kathumba, anakaika pamwala, anaima nane. Koma khosi linkangotembenukira kumene tachokera. Anayang'ana dzuwa, anakanda ndevu, anayang'ananso dzuwa.

"Mapiritsi a m'mawa aja..." anayamba.

"Pitani."

"Kungoti mwana uja amaiwala kuti amayenera ayambe adya kaye."

"Ndati pitani, alamu."

Sanadikire kuti ndibwerezenso. Anatembenuza njinga, anadumphira, ndipo pachitunda anapalasa choimirira ngati mnyamata, malaya akuuluka kumbuyo. Sanacheuke. Ndinamuyang'ana mpaka anabisika kuseri kwa mitengo, ndiyeno ndinakhala pamwala paja kudikira chapa ndekha.

Mng'ono wanga sanafe. Mvula yoyamba itagwa miyendo inaphwa, anayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo chaka chino ndamva kuti nyemba wabzala yekha. Uthenga utafika ndinayamika Mulungu, ndipo ndinayamika moona. Koma pali funso limene ndimapita nalo kudimba n'kubwerako nalo. Kodi tsiku lija pakhonde ankadzimva kale m'thupi kuti achira? Kodi ankadziwa chimene mwamuna wake ayankhe, n'kufuna kuti ndichimve ndi makutu anga, pamaso pa nkhoswe, kuti ndileke kuwayang'ana? Mwana wanga, amene ndinamuuza pang'ono chabe, amati ndikunamizira munthu amene ankafuna kundichitira zabwino. Mwina.

Amanditumizira mawu kuti ndipite ndikamuone akuyenda. Sindinapitebe. Ndikudziwa amene adzakhale atamugwira mkono.